Za tenti ija ndinafunsa: ndinatenga yazikhomo

Abale, paja ndinafunsa kuti pa ulendo wautali wapansi, katundu yense ali kumsana, tenti yabwino ndi iti: yoima yokha ndi timapaipi take, kapena yodalira zikhomo ndi zingwe. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatenga yazikhomo, yoimika ndi ndodo zanga zoyendera.

Za kupepuka munanena zoona. Popeza ilibe timapaipi, yangayi siikwana kilogalamu imodzi, ndipo pokwera chitunda mapewa amayamika.

Nkhani yagona pa nthaka. Pa dothi zikhomo zimalowa bwinobwino, koma pathanthwe sizilowa n'komwe, ndipo mumchenga zimazuka mphepo ikangowomba. Pathanthwe ndimamanga chingwe ku kamwala, kenako n'kutsamiritsa chimwala chachikulu pachingwepo kuti kamwala kaja kakodwe kumbuyo kwake. Mumchenga ndimamanga chingwe pakatikati pa chikhomo, n'kuchikwirira chogona. Zimagwira ndithu, koma zimadya nthawi, makamaka ukafika kutada, manja atauma ndi kuzizira. Choncho musananyamuke onjezerani zingwe zazitali m'makona onse.

Chinanso ndi chinyezi. Nsalu yake ndi imodzi, ndiye mpweya wopuma umasanduka madontho mkati. Ndimasiya khomo lotsegula pang'ono, m'mawa n'kupukuta ndi kansalu.

Ine siindilemetsa mtima, ndipitiriza nayo. Koma ngati njira yanu ndi yamiyala yokhayokha, tengani yoima yokha. Nayonso muziikhomera, chifukwa ikakhala yopanda munthu mkati mphepo imaikunkhuniza.