Kakitasi wamng'ono wayamba kufewa kutsinde, nditani?

Tiyamike22:
Anzanga odziwa zomera, ndithandizeni. Ndili ndi kakitasi wobulungira wa mtundu wa Mammillaria, wa minga yoyera. Ali mumphika wapulasitiki wopanda chibowo pansi, ndipo ndimamthirira kawiri pa sabata. Tsopano kutsinde kwachita chikasu ndipo kukufewa, pomwe kumutu akukula mowonda. Kodi angapulumuke?

Nachisale_M:
Achemwali, madzi achuluka ndipo mizu yayamba kuwola. Lekani kuthirira lero lomwe. Pindani pepala lalitali kangapo, mumukulunge nalo pakati kuti minga isakubayeni, kenako mumuzule. Sasani dothi lonse muone mizu. Yamoyo imakhala yolimba ndi yoyererako, yowola imakhala yakuda, yoterera ndipo imanunkha.

Ngati kuwola kwalowa m'thupi, tengani mpeni wakuthwa, muupukute ndi sipiriti, ndipo mudule pamwamba pa pofewapo. Yang'anani podulapo. Mukaona kadontho kofiirira pakati, pukutaninso mpeni mudulenso pamwamba pake, mpaka mnofu wonse uoneke woyera. Kadonthoko mukakasiya, kuwola kumapitirira m'kati mwakachetechete.

Mutu mwadulawo muuike pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata awiri kapena atatu, mpaka bala liume gwa. Mukatero muukhazike pamwamba pa dothi louma, osaukwirira. Musathirire mpaka mizu yatsopano itaoneka. Koma ngati kufewa kwafika pafupi ndi nsonga, palibe chopulumutsa kupatula tiana tophuka m'mbali, ngati tilipo.

Gondwe_K:
Zoona zimenezo. Ine ndionjezere za mphika ndi dothi, chifukwa mukapanda kusintha zimenezi vutoli libweranso.

Mphika ukhale ndi chibowo pansi, apa palibe kukambirana. Wadothi wosapaka utoto ndi wabwino chifukwa umatulutsa chinyezi m'mbali. Usakule kwambiri: pakati pa chomera ndi mlomo wa mphika patsale masentimita 1 kapena 2 basi. Mphika waukulu umasunga dothi lonyowa komwe mizu sikufika.

Sakanizani gawo limodzi la dothi lobzalira maluwa, gawo limodzi la mchenga wokhakhala wotsuka, ndi gawo limodzi la timiyala ta mamilimita 3 mpaka 6, kapena perlite (timiyala toyera topepuka) mukaipeza. Mchenga wosalala kwambiri musaugwiritse ntchito, umagwirana n'kutseka mpweya. Kuti muyese, nyowetsani pang'ono n'kufumbata: mukatambasula dzanja, dothilo likuyenera kumwazika, osati kutsala chibuma.

Pothirira musamawerenge masiku. Lowetsani kamtengo kouma mpaka pansi pa mphika. Kakatuluka ndi chinyezi, dikirani. Kakatuluka kouma, thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke kuchibowo, ndipo tayani otsala m'mbale. Kudontheza timadzi tsiku ndi tsiku n'koipa kuposa kuiwala mwezi wathunthu.

MlimiWaMinga:
Kuwonda kwa kumutu kuja si nkhani ya madzi, ndi kuchepa kwa dzuwa. Chomera chikufunafuna kuwala, n'chifukwa chake chikutalika, kutuwa, ndipo minga yatsopano ikutuluka yofooka. Powondapo sipadzabwerera mwakale, koma pamwamba pake padzakula bwino akamalandira dzuwa maola 4 mpaka 6 patsiku. Musamutulutse padzuwa lamasana mwadzidzidzi, amapsa n'kutsala ndi zipsera zoyera zosachoka. Yambani ndi ola limodzi la m'mawa, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri.

Mitundu yambiri ya Mammillaria imachokera ku Mexico, ndipo imapumula nyengo yozizira. Nthawi imeneyo musathirire n'komwe kapena thirirani mwa apo ndi apo, pamalo ozizira a madigiri pafupifupi 10 koma osagwa chisanu choundana. Kupumulako n'kumene kumathandiza kuti atulutse timaluwa tozungulira mutu ngati nkhata. Feteleza akhale wa nayitrojeni wochepa, theka la mlingo wolembedwa pa botolo, kamodzi pamwezi nthawi yokula yokha.

Nachisale_M:
Chinanso, pozula muyang'anenso kodikodi, tizilombo toyera tobisala pakati pa minga ndi m'mizu. Tapathupi tipukuteni ndi thonje loviika mu sipiriti ya 70 peresenti, mubwereze sabata iliyonse mpaka titatha. Mukatipeza m'mizu, tayani dothi lonselo ndipo mphikawo muutsuke ndi sopo musanabzalemo china.