Zotsatira za funso langa lija la kukhalabe patsogolo pa match play

Ndinafunsa kuti ukatsogola ndi maenje awiri kapena atatu pa gofu ya match play (yomwe mumapikisana dzenje ndi dzenje, wopambana maenje ambiri ndiye wapambana), uchite chiyani kuti mnzako asakupeze. Zikomo nonse amene munayankha.

Chomwe chandithandiza kwambiri ndi kuona kaye pomwe mpira wa mnzanga wagwera ndisanasankhe ndodo. Wake ukalowa mumchenga kapena m'madzi, sindilimbananso ndi mbendera ayi. Ndimangolunjika pakati pa green (bwalo la udzu waufupi pomwe pali dzenje), ma putt awiri (kumenya kogubuduza mpira kuti ulowe m'dzenje), dzenje n'kukhala langa kapena tigawane. Kugawana kumakomera amene ali patsogolo, chifukwa maenje otsala akuchepa. Ukatsogola ndi atatu kutatsala awiri, masewera atha, 3 & 2.

Koma ena munati ndiike driver (ndodo yomenyera patali) m'chikwama mpaka mapeto, ndipo pamenepa sindikugwirizana nanu. Ukasiya kamenyedwe kako ka masiku onse, manja amauma, ndipo mnzako amaona msanga kuti wayamba mantha. Ngakhale utatsogola kwambiri, akhoza kukupeza ndithu. Pa Ryder Cup (mpikisano wa gofu wa pakati pa America ndi Europe) ya 2012 pa bwalo la gofu la Medinah, America inalowa tsiku lomaliza ikutsogola 10-6, koma Europe inapambana 14½-13½.

Ma putt aafupi, omwe pa match play ukhoza kuvomera kuti alowa mnzako asanamenye, pa maenje omaliza sindimupatsanso mnzanga aulere. Amenye yekha, mpira ulowe tonse tikuona.