Funso la Weber landivuta kuchonga, thandizeni abale

Wa Church History: Anzanga ndatopa ine. Pa mayeso ndinafunsa ngati chiphunzitso cha Aprotestanti chinathandiza kuti azungu a ku Ulaya atayilire za Mulungu, pano ndikuchonga ndipo theka alemba kuti Luther atangotulutsa mfundo 95 zija zodzudzula mpingo wa Katolika mu 1517 basi anthu anasiya kupemphera, enawo angokopera Max Weber, katswiri wa sociology wa ku Germany, osamumva olo pang'ono. A moderator akufuna marking scheme Lachisanu, malikisi ndigawe bwanji funso loti lilibe yankho limodzi?

Mayi wa Sociology: Achimwene yambani ndi Weber yemweyo. M'zolemba zake za 1904 ndi 1905 zija sananene kuti Calvin, mtsogoleri wina wa Aprotestanti, ankafuna dziko losapemphera ayi. Ankati nkhawa ya predestination, munthu osadziwa ngati ndi wosankhidwa, inachititsa anthu kulimbikira ntchito ndi kusunga ndalama, kenako chikhulupiriro chinazilala khalidwe lija n'kutsala. Wolemba kuti zinachitika mosafuna apatseni malikisi, wolemba kuti Calvin anapanga dala muduleni.

Mkulu wopuma: Nanga France? Dziko la Akatolika lija linalekanitsa boma ndi tchalitchi mu 1905. Funsolo ndi lolakwika basi.

Abusa ena: Samalani aphunzitsi. Ine ndinaphunzitsapo za maufumu awiri a Luther, wauzimu ndi wa dziko, mwana wina n'kukauza akulu ampingo kwawo kuti ndikuti Reformation inabala osakhulupirira Mulungu. Ndinaitanidwa, kukhala pa benchi panja dzuwa lili phwee maola atatu, notsi zanga zili m'manja mwa munthu woti sanawerengepo Luther. Mawu oti secularization, kuchepa kwa mphamvu ya chipembedzo pa moyo wa anthu, musawasiye osamasulira, ana amamva ngati mukuti atheism.

Mayi wa Sociology: Zoona abusa. Komanso kulekana kwa boma ndi mpingo ndi nkhani ina, anthu kuchepa m'tchalitchi ndi inanso. America ndi ya Aprotestanti ambiri koma amapemphera kuposa Sweden. Wotchula nkhondo ya 1618 mpaka 1648 muonjezereni, anthu anatopa n'kuphana chifukwa cha chipembedzo.

Mkulu wopuma: Ndiye mukundivomereza. France amayi, France. Ma banki a ku Florence, ku Italy, analiponso Luther asanabadwe, ndiye kusunga ndalama sikunayambe ndi Aprotestanti.

Abusa ena: Akulu tamva za France. Koma scheme musaisinthe mutachonga kale theka, external examiner akaona malikisi osiyana pa mayankho ofanana mubwereza mulu wonse.

Mkulu wopuma: Funsolo lichotsedwe chaka chamawa.

Wina watsopano: Pepani kulowelera, ndalama za moderation ya semesita yatha ena mwalandira?