Ophunzira akuti malamulo oyendetsera dziko amathera pa malire

Mphunzitsi wa zandale, Braamfontein:
Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Sabata yamawa ndiphunzitsa za mmene malamulo oyendetsera dziko amakhudzira ubale wake ndi mayiko ena, koma ophunzira anga akakamira ganizo la realism, lakuti boma likamachita ndi mayiko ena limangotsata zolipindulitsa. Umboni wawo ndi Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan panthawiyo yemwe ankafunidwa ndi khothi la milandu la padziko lonse la ICC, amene anabwera ku msonkhano wa AU muno mu Johannesburg mu June 2015 n'kunyamuka ngakhale khothi linali litalamula kuti asatuluke m'dziko. Ndimaganiza zoyamba ndi Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany, yemwe mu 1795 analemba kuti kumene nzika ziyenera kuvomereza nkhondo, boma silifulumira kuiyamba, koma ndikuopa kuti siziwagwira mtima.

Mphunzitsi wa zamalamulo, Auckland Park:
Mayi, Kant abwere kumapeto. Yambani ndi nkhani yawo yomweyo, koma muifikitse pomwe inathera, chifukwa iwo akuidulira panjira. Mu October 2016 boma la South Africa linadziwitsa UN kuti likutuluka mu ICC, ndipo mu February 2017 khothi lalikulu ku Pretoria linagamula kuti chidziwitsocho chikusemphana ndi malamulo popeza Nyumba ya Malamulo inali isanavomereze, moti boma linachibweza. Ndime 231 ya malamulo oyendetsera dziko la South Africa imalola boma kukambirana ndi kusaina mapangano, koma pangano lalikulu limamanga dziko pokhapokha nyumba zonse ziwiri za malamulo zitavomereza, ndipo oweruza anaona kuti potuluka napo mpoyenera kudzera khomo lomwelo. Muwonjezere chigamulo cha khothi loona za malamulo oyendetsera dziko (Constitutional Court) cha December 2018, chomwe chinapeza kuti Jacob Zuma, ali mtsogoleri wa dziko, anaphwanya malamulo potengako mbali pofooketsa bwalo lamilandu la SADC.

Loya, Marshalltown:
Ndikugwirizana nanu bambo, koma ndichenjeze pa chitsanzo cha kwathu, chomwe wina atha kuchitchula. Malawi inalandira al-Bashir ku msonkhano wa COMESA mu 2011, kenako mu 2012 boma la Joyce Banda linamukana, msonkhano wa AU n'kusamukira ku Addis Ababa. Chimene chinkamveka kwambiri nthawi imeneyo chinali nkhawa yotaya thandizo la mayiko akunja, choncho mayi, apa ophunzira anuwo ali ndi mfundo, ndipo musawalande.

Mphunzitsi wa zandale, Braamfontein:
Zikomo kwambiri. Ndiwagawa m'magulu awiri, lina litenge chigamulo cha 2017, lina nkhani ya ku Malawi, aliyense afotokoze chimene chinasinthitsa boma maganizo. Bambo, munganditumizireko chigamulocho lisanafike Lachitatu?