Mliri ukavuta, za kulera ndi ma ARV tizitani nazo?

Wofunsa, Lizulu: Azaumoyo muli pa gulu pano, tithandizeni. Nthawi ya Covid-19 mu 2020 amayi ena kuno ankaopa kupita kuchipatala, tsiku la jakisoni wa kulera n'kudutsa, pathupi n'kubwera osakonzekera. Mliri wina ukagwa, amene tsiku lake ladutsa atani? Ndikufuna ndikafotokozere anzanga ku banki mkhonde.

Namwino, Dedza: Amayi, jakisoni wa kulera wa Depo amabayitsa pakatha milungu 13 iliyonse. Mukachedwa koma osapyola milungu 4, kabayitseni basi. Ikapyola, azaumoyo ayambe aona ngati mulibe mimba, ndipo mukabaya gwiritsani kondomu masiku 7 oyamba.

Koma ine ndingalimbikitse Sayana Press, jakisoni wodzibaya nokha. Akakuphunzitsani, amakupatsani wina wokasunga kunyumba. Khutchumulani mwamphamvu masekondi 30, chifukwa mankhwala amadikha pansi. Kankhani kachivundikiro ka singano mpaka mpata utsekeke. Ambiri amalakwitsa pomwepa, mankhwala osatuluka. Tsinani khungu pamimba, kutali ndi mchombo, kapena patsogolo pa ntchafu, bayani singano yoloza pansi, n'kufinya kathumba ka mankhwala pang'onopang'ono masekondi 5 mpaka 7. Osatikita pobayapo. Lembani tsiku lotsatira m'buku lanu la kuchipatala pomwepo.

Wofunsa: Nanga amene agonana kale osadziteteza?

Namwino: Pali mapiritsi a pangozi oteteza kutenga mimba. Amwe msanga, makamaka asanathe maola 72. Ngati akuopa HIV, kaya wagwiriridwa, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP nawonso ayambe asanathe maola 72, n'kumwa masiku 28. Izi sizidikira kuti mliri uthe.

Mlangizi wa zaumoyo, Ntcheu: Ndionjezeko za ma ARV. Amene akumwa bwino afunse zolandira a miyezi 6 nthawi imodzi, maulendo achepe. Akadwala, atume wowayang'anira ndi buku lawo. Kudukiza kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi kuzolowera mankhwala. Pa za kulera, ofuna kupuma za masikuzi pali njira zoika pamkono: Implanon ndi zaka 3, Jadelle zaka 5.

China chimene anthu sachinena: ndalama zikasowa, nkhawa imapha chilakolako, kwa abambo ndi amayi omwe. Si kuti mnzanu ali ndi chibwenzi ayi. Kambiranani, osakakamizana. Wina akamatsokomola ndi kutentha thupi, ayambe agona payekha mpaka achire, pakuti kondomu sitchinga matenda oyenda mu mpweya.

Wofunsa: Zikomo anamwino ndi alangizi. Lachisanu ndikawauza abwere ndi mabuku awo tikaone masiku.