Kodi setilaiti ingaone minda yomwe yamira ku Mtakataka?

Wa kwa Kachindamoto:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mvula ikagwa kumapiri uko, ife kunsi kuno timangoona mtsinje wa Namikokwe wadzadza, kwathu kuli dzuwa phwee. Madzi akalowa m'minda, kalembera wa okhudzidwa ndiye amatidanitsa: wina mpunga wake uli chiimire koma dzina lili pamndandanda, wina chimanga chakwiririka ndi mchenga koma sanalembedwe. Mphwanga akuti zonsezi zimaoneka pa setilaiti. Nanga tikuvutikiranji kuponda matope ndi kope m'manja? Ndatsegula Google Earth pafoni, ndapeza nyumba yanga ikadali yaudzu, chonsecho malata ndinakhoma kalekale.

Mphunzitsi wa jogalafe, Ntcheu:
Achimwene, za Google Earth zisiyeni, zithunzi zake zimakhala za miyezi kapena zaka zapitazo. Pa madzi osefukira amadalira masetilaiti a ku Ulaya otchedwa Sentinel, ndipo zithunzi zake n'zaulere pa tsamba la pa intaneti la Copernicus Browser, bola bandulo ikhalepo. Sentinel-2 imajambula ngati kamera, pafupifupi masiku 5 aliwonse, koma mitambo ikaphimba palibe chomwe imaona, ndipo nthawi ya madzi ndi yomweyonso ya mitambo. Sentinel-1 ndiyo yothandiza. Imagwiritsa ntchito radar: imatumiza mafunde pansi n'kumvetsera obwerera, mitambo kapena mdima siziitchinga. Madzi odekha amataya mafundewo kumbali, choncho pachithunzi amaoneka akuda bii. Mukayika chithunzi cha mvula isanagwe pambali pa chatsopano, pomwe pada kumene ndi pomwe pamira. Mapu a madera omwe anamira m'chigwa cha Shire pa namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 ankapangidwa motero.

Koma kwanuko musayembekezere zambiri. Ku Nsanje madzi amakhala masabata. Anu amatsika phiri usiku, pofika masana aphwa, pomwe setilaiti imodzi ya Sentinel-1 imabwerera pamalo pakadutsa masiku 12. Komanso kadontho kamodzi pachithunzi cha Sentinel-2 kamaimira malo a mamita 10 mbali zonse, moti khoma la zidina zosawotcha likagwa silioneka. Mpunga wautali umabisanso madzi omwe ali pansi pake.

Nachisale wa ku Golomoti:
Ndiye kuti denga losasuka ndi mphepo siliona? Kwathu chaka chilichonse vuto ndi limenelo. Basi kope lomwelo, bambo.

Mphunzitsi wa jogalafe, Ntcheu:
Eya mayi, denga limodzi ayi. Koma mchenga womwe mtsinje wasiya m'minda umaoneka mbee pa Sentinel-2 kukangoyera, ndipo suchoka msanga. Pamenepo wonama kuti munda wake unakwiririka mungamugwire.

Wa kwa Kachindamoto:
Za mchengazo ndazigwira. Aphunzitsi, Loweruka mupezeka pa Ntcheu boma? Ndibwere ndi mphwangayo mutisonyeze potsegula, bandulo ndigula ine.