Runway imodzi yatsekedwa, katundu wadzaza kale

Dispatcher wa usiku (wokonza plan ya ulendo wa ndege): Akuluakulu, ndithandizeni, ndege inyamuka m'bandakucha. Ndinakonza plan yopanda alternate (bwalo lina lokaterako kukakanika kofikira) chifukwa ulendo ndi wa maola atatu, nyengo kofikirako ili bwino, bwalolo lili ndi ma runway (misewu yoterapo ndege) awiri. Pompano yatuluka NOTAM (chidziwitso cha kwa oyendetsa ndege) yoti imodzi aitseka kuti akonze, ndipo nthawi yathu yotera ikugwera momwemo. Ndikaika alternate, mafuta akukwera ndi makilo 900 ndipo tikupyola MTOW, kulemera kololedwa ponyamuka. Kodi ndingatsitse contingency (mafuta a zadzidzidzi) kuchoka pa 5% kufika pa 3% kuti katundu asatsale?

Kaputeni wopuma: Achimwene, alternate ikufunika basi. Chomwe chinakulolani kupita popanda iyo ndi ma runway awiri osiyana ogwira ntchito pa nthawi yofika, malinga ndi malamulo a mu Annex 6 ya ICAO, bungwe la zandege la dziko lonse. Watsala umodzi. Ndege ya patsogolo panu itaphulitsa tayala pamenepo, mutera pati? Thambo likhoza kuyera mbee, koma msewu wotsekeka ndi wotsekeka.

Mayi wa ku ops (ofesi yoona za maulendo a ndege): Ndivomerezane ndi bambo Kaputeni. Tsono za 3%: trip fuel yanu, mafuta a ulendo weniweniwo, ndi ingati?

Dispatcher wa usiku: Makilo 8,000, mayi.

Mayi wa ku ops: Ndiye 5% ndi 400, 3% ndi 240. Mwapulumutsa 160 okha pa 900. Komanso 3% siingotengedwa chifukwa zathina. Pa malamulo a EASA, bungwe la zandege la ku Ulaya, pamafunika fuel ERA, bwalo la m'njira lomwe lili mkati mwa mzere wozungulira wa radius ya 20% ya ulendo wonse, nyengo yake ikhale yololeka, ndipo kampani ikhale ndi chilolezo cholembedwa mu manual. Contingency isatsikenso kuposa mafuta a mphindi 5 zozungulira pa mafiti 1,500 pamwamba pa bwalo lofikira. Ine zimandiwawa ndikaona mafuta amenewa akusanduka poduliramo. Ndi a mphepo yosintha, ndi level (mtunda woulukirapo) yomwe ATC, woongolera ndege mlengalenga, wakukanizani.

Woyendetsa mnzanu: Funso limodzi. Mu 900 muja, mwachotsamo mafuta a mphindi 15 aja omwe timanyamula pakakhala palibe alternate? Akalowa a alternate, aja amatuluka. Final reserve, mafuta omaliza a mphindi 30, yokha ndiyo osaikhudza.

Dispatcher wa usiku: Ayi ndithu, ndinawasiyamo! Ndachotsa, kwatsala 350.

Kaputeni wopuma: Onaninso alternate yomwe kompyuta yakusankhirani. Nthawi zina imatenga yakutali pomwe yapafupi ili yotsegula. Koma muwerenge TAF yake (ulosi wa nyengo ya pabwalopo) kuyambira ola limodzi musanafike mpaka ola limodzi mutafika, chifunga cha m'mawa chimanyenga.

Dispatcher wa usiku: Yapafupiyo TAF ikuonetsa chifunga, ndaisiya. Contingency ikhala pa 5%. Ndawaimbira a cargo atsitse makilo 350, abwere pa ndege ya masana. Zikomo nonse, ndikutumiza plan yatsopano kwa oyendetsa.